Kayezedwe ka Bwalo la Disc Golf la Ongoyamba Kumene, ndi Zoyenera Kukonza

Bwalo la disc golf la ongoyamba kumene liyenera kuyezedwa ndi mkono wa munthu amene anagwira chimbale koyamba sabata yatha. Vuto ndi lakuti anthu ambiri amene amakonza mabwalo ndi akatswiri, oti akaponya chimbale chimauluka mamita 100 kapena kuposa, ndiye zimene iwo amati n'zophweka zimamukanika watsopano. Watsopano nthawi zambiri amafika mamita 40 mpaka 60, chimbale chake chimakwera m'mwamba mosafunika, kenaka n'kugwa chopendekera mbali imodzi. Mukamayendera bwalo muzikumbukira kaponyedwe kameneka, chifukwa mafunso ambiri okhudza utali, mitengo, madzi ndi chitetezo yankho lake likuchokera pamenepa.

Masewerawa amayenda motere: munthu amaima poyambira, n'kuponya chimbale chapulasitiki kulunjika dengu lachitsulo lokhala ndi matcheni. Pamene chagwera ndi pomwe amaponyeranso, mpaka chilowe m'dengu. Woponya kochepa ndiye wapambana. Mtunda wochokera poyambira kukafika padengu Azungu amautcha hole ngakhale palibe dzenje lililonse. Muno tiziutcha gawo.

Zotenga poyendera bwalo

Tengani tepi yoyezera ya mamita 50, levulo, kope, ndi zimbale ziwiri zokha: putter (choponyera pafupi ndi dengu) ndi midrange (cha mtunda wapakati). Chofunika kwambiri kuposa zonsezi ndi anthu atatu kapena anayi amene sanasewerepo, kapena asewerapo kawiri katatu, ndipo mmodzi mwa iwo akhale mwana kapena munthu wa mkono wofooka. Asiyeni atsogole okha, inu muzitsatira osalankhula. Pa gawo lililonse lembani zinthu zitatu: aliyense waponya kangati, atha mphindi zingati akufunafuna chimbale, ndipo aima kangati osadziwa kolowera. Bwererani tsiku lina mvula itangokata, popeza bwalo lowoneka bwino dzuwa likuwala limatha kusanduka matope kwa masiku angapo.

Utali wa magawo

Magawo 9 ndi okwanira. Gulu la anthu anayi atsopano limawamaliza pafupifupi mu ola limodzi, asanatope ndi kuyamba kuponya mwachisawawa. Magawo ambiri akhale pakati pa mamita 40 ndi 75. Limodzi kapena awiri atha kufika mamita 90 kapena 100, kuti munthu alawe kuponya ndi mphamvu zake zonse, koma gawo lotereli likhale pamtetete, popanda chilango chachikulu. Gawo lochepera mamita 30 silipereka mpata woti chimbale chiuluke mmene chinapangidwira, choncho siliphunzitsa zambiri.

Tepi yokha imanamiza pamalo okwera kapena otsika. Malangizo a bungwe la PDGA, lomwe limayang'anira masewerawa kuyambira 1976, amati muchulukitse katatu kusiyana kwa msinkhu pakati pa poyambira ndi dengu, n'kuwonjezera kapena kuchotsera pa utali. Gawo la mamita 55 limene dengu lake lili mamita 5 pamwamba limaseweredwa ngati la mamita 70. Magawo awiri otere otsatizana amatha mphamvu za watsopano. Kumbali inayi, gawo la mamita 80 lotsika mamita 6 limakhala ngati la mamita 62, ndipo limakoma kwambiri chifukwa munthu amaona chimbale chake chikuuluka patali koyamba. Ngati malowo ali ndi mtsetse umodzi wabwino, musauwononge pouika m'njira yoyendamo pakati pa magawo.

Bungwe lomweli limasiyanitsa malo oyambira ndi mitundu: gold kwa akatswiri enieni, kenaka blue, white, red ndi green kutsika nawo. Bwalo la ongoyamba ndi la red kapena green. Ngati likufunanso kukopa odziwa kale, njira yake ndi kuika poyambira pachiwiri mamita 20 kapena 30 kumbuyo, osati kutalikitsa gawo la aliyense.

Tsopano onani zimene mwalemba m'kope. Pa gawo labwino manambala amabalalika: wina 3, awiri 4, wina 5, ndipo mwa apo ndi apo wina amapeza 2. Ngati onse apeza nambala imodzi mobwerezabwereza, gawolo silikusiyanitsa woponya bwino ndi wolakwitsa. Ngati onse ali pa 6 kapena 7, ndi lalitali kwambiri kapena lopanikiza kwambiri. Par (nambala ya kuponya koyembekezeka pomaliza gawo) yolembedwa pachikwangwani ikhale yoti watsopano amene waponya bwino aifike. Par 3 pa gawo la mamita 110 ndi ya katswiri.

Kumene chimbale cha watsopano chimagwera

Apa ndi pamene mabwalo ambiri amalakwitsa, choncho tichedwapo. Anthu ambiri amaponya ndi dzanja lamanja, mokoka chimbale kudutsa pachifuwa, kaponyedwe kotchedwa backhand. Chimbale choponyedwa chonchi chikayamba kuchepa liwiro chimakhotera kumanzere n'kugwa. Kwa katswiri kukhotaku kumabwera kumapeto kwenikweni. Kwa watsopano kumayamba msanga, chifukwa mkono wake supatsa chimbale liwiro lokwanira, komanso amachitulutsa mphuno itayang'ana kumwamba, ndiye chimakwera, n'kuima, n'kugwera kumanzere ngati mpeni. Zimaipiratu ngati wagula driver (chimbale choponyera patali) yothamanga. Pa manambala anayi osonyeza kaulukidwe ka chimbale, amene kampani yopanga zimbale ya Innova inafalitsa, yoyamba ndi ya liwiro, ndipo chimbale cholembedwa 12 kapena 13 chikakhala m'dzanja la watsopano chimagwera kumanzere chisanafike n'komwe mamita 40. Anthu amagulabe zoterezi chifukwa dzina lake limamveka ngati lofika patali, ndipo bwalo liyenera kuyembekezera zimenezo.

Zotsatira zake n'zakuti malo a kumanzere kwa njira, kuyambira mamita 20 mpaka 50 kuchokera poyambira, ndiwo amalandira zimbale zambiri pa gawo lililonse. Imani poyambira n'kuyang'ana dala malo amenewo. Mukaona dziwe, minga, msewu, mpanda wa munthu kapena chigwembe, gawolo lili ndi vuto ngakhale pakati pa njira pakhale poyera bwanji. Kukonza kwake kumakhala kophweka nthawi zambiri: tembenuzani gawolo kuti liziseweredwa kuchokera mbali inayo, choopsacho chikhale kumanja, kapena sunthani poyambira kuti chitalikirane ndi mzere wa chimbale.

Izi sizikutanthauza kuti magawo onse azikhotera kumanzere. Woponya ndi dzanja lamanzere, komanso woponya cham'mbali chikhatho chitatsogola, kaponyedwe kotchedwa forehand, chimbale chake chimathera kumanja. Pa magawo 9, atatu kapena anayi akhale olunjika, otsalawo agawane kumanzere ndi kumanja. Gawo lokhotera kumanja likhale lalifupi ndi lotakasuka, kuti wa backhand athe kulifika m'maulendo awiri osavutika.

Mitengo ndiyo imapatsa bwalo kukoma. Bwalo lopanda mtengo uliwonse limatopetsa pofika gawo lachinayi, chifukwa palibe choganizira, n'kungoponya basi. Chofunika ndi kukula kwa mpata ndi pamene uli. Mpata woyamba pakati pa mitengo usachepere mamita 4 kapena 5 ngati uli mamita 10 mpaka 15 kuchokera poyambira, ndipo uzikula pamene mtunda ukutalika. Malo amene zimbale zambiri zimatera akhale otakasuka mamita 10 kapena kuposa. Mtengo wokhala mamita 3 kapena 4 patsogolo pa poyambira, pafupi ndi mzere woponyera, ndi woopsa: chimbale chikaumenya chikadali ndi mphamvu chimabwerera kwa anthu amene aima kumbuyo. Yang'ananinso m'mwamba. Nthambi zotsika kufika mamita 2 kapena 3 zimagwira chimbale chilichonse cha watsopano, popeza iye sanaphunzire kuponya motsika. Dulani nthambi za m'munsi mpaka mamita 4, thunthu mulisiye.

Muyezo wabwino wa tchire la m'mbali ndi uwu: chimbale chikalowamo, mwini wake achione msanga, athe kuimapo, ndipo apeze mpata wotulutsira chimbale kubwerera m'njira. Kulakwitsa kumuwonjezere kuponya kumodzi, koma kusamutayitse chimbale. Malamulo amapereka mphindi 3 zofunafuna chimbale chisanatchedwe chotayika, koma watsopano amene ali ndi chimbale chimodzi chokha amafuna mphindi 15, magulu a kumbuyo akudikira, ndipo akachisowa masewera athera pomwepo. Udzu wa m'njira uzitchetchedwa kufika m'kakolo. Wa m'mbali, mamita 8 kapena 10 mbali iliyonse, usapitirire pakati pa msongolo. Zitsamba zothithikana ndi ziyangoyango zichotsedwe, ndipo zitsa zidulidwe molingana ndi nthaka, chifukwa munthu woyenda maso ali pa chimbale saona pansi.

Madzi amakongoletsa bwalo, koma zimbale zambiri zimamira. Gawo lokakamiza aliyense kuwolotsa chimbale pa dziwe la mamita 40 si la ongoyamba. Ngati madzi alipo, pakhale njira yowazungulira pamtunda, kapena akhale kamtsinje kosaya koti munthu n'kutola chimbale ndi ndodo.

Poyambira

Munthu akamaponya amayenda mapazi atatu kapena anayi, n'kupotokola thupi lonse ataponda mwendo umodzi. Pansi pakakhala poterera kapena pokumbika, bondo ndi kakolo ndi zimene zimavulala. Poyambira pasachepere mamita 1.2 m'lifupi ndi mamita 3 m'litali; pa mamita 1.5 ndi 3.5 m'pabwino koposa. Konkire yokhuthala masentimita 10 ndi yokwanira, ndipo pa muyezo wachiwiriwu imafunika yopitirira pang'ono theka la kiyubiki mita. Pansi pake pakhale miyala yosweka yotsendereka bwino. Konkire isanaume, kokanipo tsache lolimba mopingasa, kuti pakhale timizere togwira nsapato. Yosalazidwa ngati pansi pa nyumba imasanduka sopo mvula ikagwa. Ipendekereko pang'ono, sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse, kuti madzi asaimepo.

Cholakwika chofala ndi kusiya konkire itatumphuka pamwamba pa nthaka. Woponya akamaliza, thupi limamupititsa patsogolo sitepe imodzi kapena ziwiri, ndipo akapeza chidikha cha masentimita 15 amabinya phazi. Nthaka ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ilingane ndi konkire kwa mita imodzi ndi theka. Malo a kutsogolowa amakumbika pakapita miyezi, choncho muziwadzazanso ndi miyala ing'onoing'ono yotsendera. Onaninso kumene poyambirapo paloza. Atsopano amakhulupirira konkire: ikaloza kutchire, amaponya kutchire. Iloze kumene chimbale chiyenera kudutsa, osati kwenikweni kumene kuli dengu.

Pamene konkire siingatheke, kapeti wa udzu wapulasitiki woyalidwa pa miyala yotsendera m'kati mwa felemu yamatabwa amagwira bwino ntchito. Dothi lokha limakhala bwino miyezi yochepa, kenaka limakumbika chibowo pomwe chidendene chimazungulira.

Dengu ndi malo olizungulira

Ed Headrick atakonza bwalo loyamba ku Oak Grove Park ku California mu 1975, anthu ankalasa mizati chabe. Dengu la matcheni analipanga pambuyo pake, n'kulilembetsa kuboma ngati luso lake mu 1977, kuti pasakhale kukangana ngati chimbale chakhudza kapena ayi, ndipo ntchito ya matcheni ndi kumeza liwiro la chimbale kuti chigwere m'dengu. Poyendera bwalo yezani msinkhu wa mkombero wa dengu: ukhale pafupifupi masentimita 82 kuchokera pansi. Dothi likakokoloka kapena likaunjikana m'tsinde, msinkhu umasintha, ndipo munthu amazolowera kuponya molakwika. Ikani levulo pa mzati. Dengu lopendekera limalavula zimbale mbali imodzi.

Madengu okhala ndi mizere iwiri ya matcheni, wakunja ndi wamkati, amagwira bwino kuposa a mzere umodzi, omwe amalola chimbale kudutsa kapena kumenya mzati n'kubwerera. Ponyani putter kakhumi mutaima mamita 5, mukulunjika pakati. Zikatuluka ziwiri kapena zitatu zimene zinalowa bwino, fufuzani tcheni loduka, lopiringizika kapena lochita dzimbiri. Mzati usamizidwe m'konkire mwachindunji. Mizani paipi yaifupi m'dzenje lakuya pafupifupi masentimita 60, mzati uzilowa m'paipimo n'kukhomedwa ndi loko. Mukatero mutha kuika paipi yachiwiri mamita 10 kapena 15 kuchokera pa yoyamba, n'kumasuntha dengu kuti nthaka ipume ndiponso gawo lisinthe kakomedwe.

Malamulo amazindikira bwalo lozungulira la mamita 10 kuchokera padengu: woponya ali m'kati mwake saloledwa kudumphira kapena kugwera kutsogolo kwa malo ake asanaonetse kuti waima bwino. Choncho m'kati mwa mamita 10 amenewa munthu ayenera kupeza popondapo pokhazikika. Mtengo umodzi kapena iwiri m'menemo ndi yabwino, imaphunzitsa kusankha mbali yofikira. Chitsamba chobisa dengu mbali zitatu n'chosafunika. Chenjeraninso ndi dengu loikidwa pamtsetse: chimbale chikamenya mkombero n'kugwa choimirira chimagudubuzika mamita 20, ndipo watsopano amatha kubwereza zimenezi katatu pa gawo limodzi. Pamalo otsetsereka salazani kabwalo ka mamita 4 kapena 5, kapena goneketsani chipika m'munsi mwake kuti chiziimitsa zimbale.

Dengu lizioneka munthu ali poyambira pa magawo ambiri, makamaka atatu oyambirira. Lamba wachikasu kapena wofiira pamwamba pake ndi nambala yaikulu zimathandiza kwambiri m'nkhalango.

Chitetezo ndi kayendedwe

Chimbale chovomerezeka chimatha kulemera mpaka magalamu 200, ndipo mkombero wa driver ndi wakuthwa ndithu. Njira za magawo awiri zisadutsane. Zikayendera limodzi, pakati pake pakhale mamita 20 kapena kuposa, kapena mzere wa mitengo yothinana, ndipo kumbukirani kuti mbali ya kumanzere imafuna mpata wokulirapo. Gawo lisaponyedwe modutsa njira ya oyenda pansi, malo osewerera ana, mabenchi kapena poimika magalimoto. Kukuwa kuti "Fore!" pochenjeza za chimbale kumathandiza osewera okhaokha, munthu wongodutsa sadziwa tanthauzo lake, ndipo amatembenuka n'kuyang'ana kumene chimbale chikuchokera. Gawo lokwera chitunda limene woponya saona kumene chimbale chikatere lisaikidwe pamalo pamene pamadutsa anthu.

Poyambira pa gawo lotsatira pamafuna kuganiza. Pakhale mamita 15 kapena 20 kuchokera padengu la gawo lapitalo, ndipo pasakhale kumbuyo kwenikweni kwa dengulo kapena kumanzere kwake, kumene zimbale zopitirira ndi zokhota zimagwera. Koma pasatalikirenso. Ulendo wopitirira mamita 60 kapena 70 pakati pa magawo umasocheretsa anthu. Apa m'pamene mizere ya m'kope lanu yonena za kuima osadziwa kolowera imagwira ntchito: paliponse pamene gulu lija linaima, pakufunika muvi. Muvi wabwino kwambiri ndi womangiriridwa pansi pa dengu lenilenilo, chifukwa aliyense amawerama pomwepo potola chimbale. Mapu a pafoni monga a UDisc amathandiza, koma wobwera koyamba nthawi zambiri sanamvepo za pulogalamuyi.

Gawo loyamba likhale lalifupi, lotakasuka, losataya zimbale, chifukwa likakhala lovuta magulu amaunjikana pomwepo. Lachisanu ndi chinayi lithere pafupi ndi pamene anthu anayambira.

Zikwangwani ndi malamulo apadera

Chikwangwani cha poyambira chikhale ndi nambala ya gawo, utali, par, ndi chojambula chosavuta choonetsa dengu, mitengo ikuluikulu ndi malire. Chiikidwe kumbali ndi kumbuyo pang'ono, mita imodzi ndi theka kuchokera pakonkire, kuti mkono usachimenye. Utali wolembedwapo muuyeze nokha; zikwangwani zambiri zimatsala ndi nambala yakale dengu litasunthidwa.

Malire ndi malamulo apadera otchedwa mando zikhale zochepa. Chimbale chikatuluka kunja kwa malire, munthu amawonjezeredwa kuponya kumodzi n'kupitiriza pafupi ndi pamene chinatulukira, mpaka mita imodzi kulowa m'kati. Lamuloli ndi losavuta ngati malirewo ndi chinthu chooneka, monga msewu kapena mpanda. Zingwe zoyalidwa paudzu pongofuna kuti gawo likhale lovuta zimangosokoneza watsopano. Mando, lamulo lokakamiza chimbale kudutsa mbali inayake ya mtengo kapena mzati, igwiritsidwe ntchito mosamala kwambiri. Ngati mwaika mando kuti muteteze anthu a pa gawo loyandikana, dziwani kuti siteteza aliyense, chifukwa watsopano saponya kumene akufuna. Gawo lotero lisunthidwe.

Dongosolo la kukonza

Mukamaliza kuyendera mudzakhala ndi zolakwika zambiri kuposa ndalama ndi manja amene alipo. Yambani ndi zoika anthu pangozi, ngakhale zitanthauze kutseka gawo limodzi kwa kanthawi. Kenaka chotsani zotayitsa zimbale, zomwe nthawi zambiri zimangofuna chikwanje, sowo ndi makina otchetchera udzu. Mivi ndi zikwangwani zibwere pachitatu, popeza n'zotsika mtengo koma zimasintha kwambiri ulendo wa wobwera koyamba. Konkire ikhale yomaliza. Pa bwalo latsopano, kapena pa gawo limene mwalisuntha, gwiritsani ntchito madengu onyamulika ndi zikhomo zosonyeza poyambira kwa miyezi ingapo, kuphatikizapo nyengo yamvula ndi nyengo imene masamba ndi udzu zimachuluka, chifukwa mpata wa mamita 5 mitengo itayoyola masamba umatha kutsala mamita 3 ikaphukanso. Malo amene udzu waperepeseka ndi mapazi adzakuonetsani kumene anthu amayendadi ndi kumene zimbale zimagweradi, ndipo paipi ya dengu ndi felemu ya konkire muziike potsatira zizindikiro zimenezo.